A Phuma ndi Kachilombo Kokana Kufa

Pa msewu wonse wa mashopu panalibe amene ankadziwa dzina lawo lenileni. Ankangoti a Phuma, ojambula zithunzi aja. Dzinalo linawakhala, chifukwa tiyi ankamwa ali chiimire, ndipo munthu asanamalize kukonza kolala iwo ankakhala atajambula kale. Ntchitoyi anaiyamba ali mnyamata, kuzungulira m'maukwati kamera ili pakhosi, mpaka anadzapeza kachipinda kawokawo: nsalu yabuluu kukhoma, mpando umodzi, nyale ziwiri zazitali, ndi kompyuta pakona. M'kompyutamo munali zithunzi za zaka zambirimbiri.

Ndiye kompyutayo inadwala. Poyamba inkangochedwa kuyaka. Kenako pa sikirini panayamba kutumphuka timawindo totsatsa mankhwala ophwetsa mimba, ukatseka kamodzi n'kutuluka tiwiri. Mafoda a zithunzi ankati ukadina, zii. A Phuma anathamangira kwa wokonza mafoni wa pafupi, amene anati mwalowa kachilombo ka m'makompyuta n'kuikamo pulogalamu yopha tizilombo. Zinakhala ngati zatheka, koma m'mawa mwake kachilombo kaja kanabwerera ngati nsikidzi. Wokonza mafoniyo ananena kuti chatsala n'kufufuta zonse basi. A Phuma anamulanda kompyutayo asanamalize n'kulankhula komwe.

Mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, ankagwira ntchito ku laibulale. Iye ndi amene anawauza kuti pa intaneti pali bwalo la anthu ongodzipereka, amene amathandiza kuchotsa tizilombo totere kwaulere.

"Koma alamu, kumeneko n'kofuna kudekha," anatero akuseka. "Inu mukathako?"

Mlamuyo anawalembera dandaulo lawo pabwalopo, ndipo tsiku lotsatira munthu wina wodzitcha Nyerere anayankha. Anawauza kuti atsitse kapulogalamu kena kakang'ono, kafufuze m'kompyuta monse, kenako amutumizire zimene kapeza. Anawonjezera kuti iye ali ndi ntchito yake ina, choncho aziyankha kamodzi patsiku, ndipo asaikemo kapena kuchotsamo kanthu asanawauze.

Kamodzi patsiku. Kwa a Phuma chimenechi chinali chilango. Ankasesa mushopu mosesedwa kale, kupukuta galasi la kamera, kutuluka panja, kulowanso, foni ili m'manja. Makasitomala ankawajambula n'kukasindikiza zithunzi kwa mnzawo kumapeto kwa msewu, ulendo uliwonse akung'ung'udza. Kunyumba ankagogoda tebulo ndi supuni mpaka akazi awo anawauza kuti ngati mtima wakana kukhala pansi, akathandize ana kuchapa mayunifolomu.

Yankho likabwera linkakhala lalifupi: dinani apa, koperani mawu awa, zimitsani, yatsaninso, nditumizireni zotsatira. Timawindo tija tinayamba kuchepa. Koma masana ena, yankho litachedwa, pa sikirini panatuluka uthenga wolonjeza kuyeretsa kompyuta yonse pompopompo. Chala chinadina mutu usanaganize. Pofika madzulo timawindo tinali titadzaza sikirini yonse, ndipo kompyuta inkalira ngati chigayo.

A Phuma sanaulule zimene anachita, anangotumiza zotsatira monga mwa masiku onse. Nyerere anayankha kuti: "Mwaikamo chinthu china dzulo. Sindikukukalipirani, ambiri amatero. Koma tiyambiranso poyamba."

A Phuma anawerenga mawuwo kawiri. Bola akanawakalipira. Anazula mausi ya kompyuta n'kukaipereka kwa akazi awo, amene ankasoka zovala pashopu ina kutsidya kwa msewu.

"Mayi, sungani ichi. Musandipatse mpaka nditakuonetsani yankho pafoni."

Akazi awo anaiponya m'chikwama cha ulusi osafunsa zambiri. Kangapo konse a Phuma anaoloka msewu kukaipempha, ati angoona kanthu kamodzi kokha, koma mayiwo ankangopitiriza kupalasa makina.

Ulendo wachiwiriwu Nyerere anafunsa zinthu zonse zimene zimalumikizidwa ku kompyutayo. A Phuma anatchula pulinta, mafulashi a makasitomala otengeramo zithunzi, ndi kakhadi ka mu kamera. Kachilomboko kanapezeka kuti kankabisala m'kakhadimo. Kompyuta ikayera, iwo eni ankakabwezeramo m'mawa uliwonse potsitsa zithunzi. Anayeretsa kakhadiko, anayeretsa mafulashi, ndipo mafoda anayamba kutseguka limodzilimodzi. A Phuma anakhala pampando wa makasitomala n'kumangoyang'ana nkhope za anthu zikubwerera.

Si zonse zinapulumuka. Foda ina ya maukwati akale inali itawonongekeratu, ndipo Nyerere ananena mosabisa kuti imeneyo aiwale. A Phuma anafunsa kumene angatumize kangachepe kothokoza. Iye anakana, anangowalangiza kuti azisunga zithunzi malo awiri, n'kutsanzika kuti pali ena akudikira. Mpaka lero a Phuma sadziwa ngati Nyerere anali mwamuna kapena mkazi, wamkulu kapena wachinyamata.

Za foda yotayikayo sanaiwale. Mabanja ambiri a m'menemo ankawakumbukira, choncho Loweruka lililonse ankatseka shopu masana n'kuyamba kugogoda m'makomo, kubwereka zithunzi zimene anawasindikizira kale kuti azijambulenso. Ena ankawapatsa maalubamu athunthu. Ena anali atasamuka. Pakhomo lina mayi wina anawauza kuti ukwati umenewo unatha kalekale ndipo zithunzizo anakolezera moto, koma poti abwera kale ndi kamera, amujambule iyeyo ndi mwamuna watsopanoyu.