Ubatizo wa Amayi Pakati pa Mafunde

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, kamtsikana kolongolola ka ku Sighthill mumzinda wa Glasgow, pamene sukulu yathu inayamba kutitengera kunyanja yamchere, kupitirira Edinburgh, kukaphunzira kukwera mafunde pathabwa. Amayi anga, omwe ankasamalira okalamba ku Easterhouse, anavomera monyinyirika. "Mwana wamkazi kuvala chimpira chothina ngati chule, n'kumalimbana ndi madzi? Zachibwana!" ankatero.

Mphunzitsi wathu, mayi wina wa komwe kuno ku Scotland, sankatilola kulowa m'madzi tikangofika. Tinkayamba takhala pamchenga, mano akugundana ndi kuzizira, kumangoyang'ana. Zinkanditopetsa zedi. Koma m'kuyang'anamo ndinaphunzira kuti pamene mafunde akusweka n'kuchita thovu, pansi pake mchenga ndi wokwera, ndipo madziwo amakukankhira kumtunda. Pamene pali phee, madzi ali bii, ndi pomwe madzi onse obwera ndi mafunde amabwererera pakati pa nyanja, ngati ngalande ya mvula. Pamenepo ngakhale katswiri wosambira amatengedwa.

Chaka chomwecho mpingo wathu wa Amalawi unakonza ubatizo pagombe lomwelo, ndipo amayi anga anali m'gulu la obatizidwa. Tinadzaza basi ku Gorbals, nyimbo njira yonse, fungo la mandasi ndi nkhuku yokazinga lili ponseponse. Titafika, mafunde anali ataima bwino, oti pathabwa ukanasangalala. Abusa anapinda thalauza n'kuyang'ana uku ndi uku. Iwo anazolowera kubatiza m'mitsinje ya kwathu, kumene munthu wanzeru amafunafuna dziwe lodekha. Analoza pakati pa mizere iwiri ya thovu, pomwe panali phee.

"Taonani, Ambuye atikonzeratu malo!"

Mpingo wonse unati, "Ameni!" Amayi anga anali oyamba pamzere, atavala zoyera, chitenje chitakulunga miyendo.

Ndinachita mantha osaneneka. Ndinafuna kukuwa m'Chingerezi cha ku Glasgow monga tinkakuwirana kusukulu, koma ndinadziwa chimene chikanatsatira. Amayi a mumpingo akanandigwira mkono, "Iwe, ulemu!", n'kundikokera kumbuyo, uku amayi anga akulowa m'madzi. Ndiye ndinachita chinthu chimene amayi ankandikalipira tsiku ndi tsiku kuti ndizichita, ine n'kumati ndi zakale. Ndinapita kutsogolo n'kugwada pamchenga wonyowa, n'kuyamba ndi Chichewa changa chopindikacho.

"Pepani Abusa, ndilankhuleko. Pamenepo madzi akupita, sakubwera. Awatenga amayi anga."

Nyimbo inaduka. Mayi wina kumbuyo anati, "Ana okulira kunowa, abale!" Abusa anatola chikuni chomwe chinali pamchenga n'kuchiponya padziwe lawolo. Chikuni chija sichinatsazike n'komwe! Chinangoti uyo ulendo, kulunjika pakati pa nyanja, mpaka kusanduka kadontho. Mayi wa kumbuyo uja anagwira pakamwa.

Abusa anandidzutsa ndi manja awo awiri. "Dzuka, mwana wanga. Tsopano tilozere ndiwe. Yorodano wathu ali pati?"

Ndinawatsogolera kumene thovu linkafika m'maondo.

"Paphokoso pano?" anafunsa.

"Inde, Abusa. Amenewa amabweza munthu."

Ndipo anabwezadi. Amayi atangomizidwa, funde linawagwetsa pamodzi ndi Abusa, n'kuwakunkhunizira onse kumtunda, duku kwina, magalasi a Abusa kwina. Anadzuka akutsokomola, akuseka, mpingo ukuimba nthungululu. Amayi anabwera molunjika kwa ine, madzi ali chuchuchu, n'kundikumbatira. Anatembenukira kwa amayi anzawo aja n'kunena mokweza, "Mwamuona chule wangayu? Ndinabereka ine ameneyu!"

Tsiku limenelo ndimalinyadira, sindibisa. Lero ndine amene ndimakhazika ana pamchenga kuti ayambe ayang'ana madzi, iwo akudandaula monga ndinkadandaulira ine. Koma chimene ndazindikira nditakula n'chakuti kudziwa madzi pakokha sikukanathandiza. Mphunzitsi uja anandipatsa choti ndinene, pamene amayi anandipatsa kanenedwe koti akuluakulu andimve. Zaka zonse zija ankandigwaditsa ine ndikufwenthera, sankadziwa kuti akukonza maondo amene adzawaimitse pamphepete pa manda.

Amayi akalamba tsopano, koma Loweruka likafika amakwera nane galimoto kupita kugombe lija. Amakhala pamchenga ndi fulasiki ya tiyi, ndipo mlendo aliyense wolowera pamadzi odekha amamukuwira asanafike n'komwe.