Matochi Asanu a Amuna Anga

Amuna anga anthu amangowatchula kuti a Magetsi, ndipo dzina lawo lenileni ndikukayika ngati alipo akulikumbukira kupatula ine ndi achemwali awo. Zaka makumi atatu ndi zinayi akhala akukwawa m'masiling'i a nyumba za eni, kukoka mawaya, n'kumabwera kunyumba fumbi lili mbuu mpaka m'makutu. Ine ndimasoka zovala pakhonde, ndipo maovolosi awo onse ndawaika zigamba m'mawondo kawirikawiri. Musiling'i mumakhala mdima ngakhale dzuwa lili paliwombo, n'chifukwa chake kwa iwo tochi si choseweretsa.

Chaka chatha anayamba matenda ogula matochi, aja ang'onoang'ono amakono a LED otchaja ngati foni. Yoyamba inali yotalika ngati chala. Pakatoni pake analembapo malumeni chikwi, ndipo anandiphunzitsa, ine wosafunsa, kuti malumeni ndiwo muyezo wa kuwala. Inkawaladi, koma pakatha mphindi ziwiri inkatentha n'kuyamba kuzilala yokha. Poti iwo amaluma tochi pakamwa kuti manja onse agwire ntchito, inawawotcha mlomo, basi inalowa m'dirowa. Yachiwiri inali yokoka kutsogolo. Mukaikoka kuwala kwake kunkafika pakhoma la aneba uko, koma pafupi, pomwe munthu akugwirira, inalibe ntchito. Yachitatu inali yovala pamutu, batire lake lokhala tsiku lonse, koma ankati ikuwala mwaulesi. Yachinayi inali ndi maginito kumbuyo, yomata pachitsulo, ndipo anaikonda sabata imodzi yokha. Yachisanu anawabweretsera mkamwini wathu atatopa ndi madandaulo awo: yakuda, yolemera, yokwana m'chikhato, ya magiya asanu owalira.

Koma chimene chinkandipsetsa mtima ndi mayesedwe awo. Ankati tochi siyesedwa pabalaza, imayesedwa pamalo othina ndi amdima ngati musiling'i momwemo. Ndiye Lamlungu masana aliwonse, bambo wamkulu ndi ndevu zake, ankalowa m'wadirobu yathu, kukankhira kumbali madiresi anga ositasita, n'kudzitsekera ndi matochi onse asanu ndi zidutswa za mawaya amitundumitundu. Ine kunja ndinkangomva tcheke, tcheke, kuwala kukutulukira m'mipata ya chitseko. Akatuluka, thukuta lili kamukamu, chigamulo chinali chomwecho: onse ndi achinyengo, akutulutsa chifunga. Wam'sitolo yomwe ankagulako matochi anam'tchula wakuba kangapo konse. Ine ndinkawalalatira za madiresi, iwo n'kumandiuza kuti ndisamale za singano.

Tsiku lina atapita kuntchito anaiwala yachisanu ija pabedi. Ndinati taimani ndichione ndekha chifunga chimenechi. Ndinalowa m'wadirobu, kutseka, kudina. Abale inu, ndinaona ulusi uliwonse wa diresi langa, tibowo ta njenjete, mpaka fumbi loyandama. Mawaya anali pansipo, wofiira ali wofiira, wabuluu ali wabuluu. Chifunga panalibe n'komwe.

Ndinakhala momwemo nthawi yaitali tochi ili m'manja. Ndinakumbukira tiyi amene ankathira pambali pa kapu n'kunamizira ketulo. Ndinakumbukira tsiku lomwe anawadutsa achemwali awo pamsewu dzuwa likuwomba, osapereka moni, mpaka achemwaliwo anakwiya mwezi wathunthu. Mauthenga a pafoni ankandipatsa ine kuti ndiwerenge, ati manja ali ndi girizi, pomwe manjawo anali osamba. Ndinachita manyazi kuti zonsezi ndinaziona koma ndinkangolimbana ndi madiresi. Kenako ndinachita mantha.

Mantha ake anali awa. Lolemba lotsatira anali ndi ntchito m'nyumba ina yakale yosanja, yomwe musiling'i mwake munadzaza mawaya a mibadwo itatu, ena akufa, ena amoyo. Mwininyumba anakana kuzimitsa magetsi onse chifukwa cha mafiriji a masitolo apansi. Amuna anga anati akazimitsa mbali imodzi yokha, kwinako akasiyanitsa ndi maso ndi katesita kawo koyezera ngati waya ali ndi moto. Katesitako kamayaka kofiira pang'ono chabe. Munthu woona chifunga akanakaona bwanji?

Kuwauza patebulo sindikanatha. Ndimawadziwa, akanaimirira n'kusiya chakudya, Lolemba n'kulawirira m'mamawa kuti andionetse. Ndinadikira Lamlungu. Nditamva tcheke woyamba ndinagogoda pachitseko cha wadirobu n'kuwauza kuti asunthe, nane ndiyese. Anaseka, ati matabwa athyoka, ndipo tikakanirira momwemo adzatipeza ndi adzukulu. Ndinalowabe. Nkhalamba ziwiri, mawondo kugundana, mahang'ala kutibaya m'khosi.

Ndinawalanda tochi ya mkamwini ija, kuyatsa giya yotsika, n'kutola waya mmodzi.

"Uyu ndi wamtundu wanji, bambo?"

Anamuyang'ana, kumubweretsa pafupi ndi mphuno, kumutalikitsanso. Anati ndi wakuda.

Zaka zonsezi ndakhala ndikusesa zidutswa za mawaya awo, ndiye pang'ono ndimadziwa. M'nyumba zakale waya wakuda sakhala ndi moto, munthu amamugwira mtima uli m'malo.

"Ndi wabulauni," ndinatero. "Wamoto."

Anati ndikweze giya. Ndinakweza mpaka yachisanu, m'wadirobu monse mwayera, koma iwo anatembenuza nkhope, maso akulengeza misozi. Pamene tochi inkawala kwambiri m'pamene ankaona zochepa. Anafufuza dzanja langa n'kuizimitsa okha.

Tinatsala mumdimamo. Ndinkamva kupuma kwawo ndi fungo la sopo wa madiresi.

"Ndikudziwa, amayi," anatero motsitsa mawu. "Si tochi ayi."

Anandiuza kuti zinayamba kalekale, diso lakumanzere poyamba, ndipo tochi iliyonse akamagula ankapemphera kuti mwina iyi ndiye ichotsa utsiwo. Anati anthu akangomva kuti a Magetsi sakuona, foni idzakhala duu, ndipo palibe adzawalowetsenso m'nyumba mwake ngakhale kukasintha babu. Ndiye anandifunsa kuti zikadzatero iwo adzakhala ndani.

"Mudzakhala amuna anga," ndinawayankha. "Umasiye ine sindikuufuna. Lolemba simukukwera."

Ndinanena mokalipa, monga ndimanenera zonse, koma ndinali kulira, ndipo iwo anamva. Anangondigwira bondo n'kupempha kuti titulukemo miyendo isanachite dzanzi.

M'mawa mwake anaimbira mnzawo wa ntchito yomweyo n'kumupatsa nyumba yosanja ija. Sananame. Anamuuza kuti maso akuvuta, ndipo anamuchenjeza kuti asalole kukwera magetsi ali oyaka, mafiriji kaya asungunuke. Atadula foni anadzakhala pakhonde pambali pa makina anga, manja pamawondo, ovolosi atavala kale. Tsiku lonse sindinawanene kanthu. Anandimvetsa chisoni kwambiri, ndipo ndinawakonda kuposa tsiku lomwe anandifunsira.

Kuchipatala cha maso tinapita Lachinayi. Dokotala wake anali mayi wachitsikana wa magalasi, ndipo anatulutsa m'thumba katochi kowonda ngati cholembera, kowala mofooka, kachikasu. Anawaunika diso ili, kenako ilo. Amuna anga, mutu uli chagada, anamufunsa kuti kameneko n'ka malumeni angati. Dokotala anaseka, ati sakudziwa, anangokapatsidwa pamsonkhano. Katochi kameneko ndiko kanapeza zomwe asanu aja analephera: ng'ala, maso onse awiri. Anatifotokozera kuti ng'ala imamwaza kuwala m'diso, n'chifukwa chake tochi yamphamvu inkangowonjezera chifunga. Pobwerera amuna anga anaumirira kuti tidzere kusitolo kuja akapepese. Wam'sitoloyo sanamvetse n'komwe kuti akupepesedwa chifukwa chiyani, poti ukuba wonse ankamutchulira kuchipinda kwathu.

Opaleshoni anayamba ndi diso lakumanzere, linalo ati pakapita miyezi. Ngati adzakwerenso musiling'i dokotala sanalonjeze, ndipo ine sindikufulumira nazo. Tsiku lochotsa bandeji ndinakhala pampando moyang'anizana nawo, chikwama chili pamiyendo. Namwino anamatula pang'onopang'ono n'kuwapukuta. Anaphethira kangapo. Namwino anawalozera chikwangwani cha zilembo pakhoma kuti awerenge, koma iwo sanatembenukireko. Ankangondiyang'ana ine, nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kukonza kolala ya bulauzi.

"Amayi," anatero, "imvi zonsezi zabwera liti?"

Ndinawauza kuti zatha zaka ziwiri zilipo, ndipo iliyonse anaidzala ndi iwowo. Anatambasula dzanja n'kundisisita pamwamba pa khutu, pamaso pa anthu, chinthu chomwe sanachitepo chikwatirane. Namwino anaima ndi ndodo yake pachikwangwani, akudikira, ndipo ine ndinamupempha kuti adikirebe pang'ono.