Kompyuta Yomvera Achemwali

Ndinagula kompyuta chifukwa cha chithokomiro cha achemwali anga. Chotupacho chinakula pakhosi pawo mpaka adokotala a ku Tete anati achichotse mvula isanadule msewu. Ananenanso mosabisa kuti mawu akhoza kubwerera, akhozanso osabwerera. Achemwali anangoti chabwino, ngati awauza kuti mawa kukhala mitambo. Amene ndinachita mantha ndi ine.

Iwo ndi amene ankatsogolera nyimbo ya ulendo wathu wobwerera. Nkhondo itatha tinachoka ku Zambia kumene tinathawira. Malole anatitsitsa pamene msewu unathera, ndipo kotsalako mpaka ku Chipera tinayenda pansi, mondondozana, chifukwa m'mbali mwa njira munali mabomba okwirira. Ine ndinali mwana, nditasenza mpando wa atate. Achemwali anali kutsogolo. Iwo akaponya mzere, akumbuyo ankavomera. Nyimboyo kwaya yathu ya ku Fingoe imaiimbabe, koma palibe amaiyamba ngati iwo. Ndinafuna kuijambula mpeni usanawakhudze.

Ntchito yanga ndi yokonza mawailesi ndi mafoni pamsika. Za kujambula mawu sindinkadziwa kanthu, koma safunsa anadya phula, choncho ndinakwera galimoto kupita ku Tete kukafunsa. Mu loja ina, sitolo ya makompyuta akale, ndinapeza mwini wake, munthu wa pakamwa potsekemera. Anandionetsa chimakina chachikulu cha patebulo.

"Ichi, madala, ndi njovu," iye anatero. "Ma estudiyo onse a muno akugwiritsa ichi."

"Chiyatseni, ndipo tonse tikhale chete," ndinatero.

Chitayaka, chokupizira mphepo cha m'kati chinayamba kulira ngati chigayo cha kutali. Ine khutu langa ndi la wailesi, phokoso lotere silindidutsa. Ndinamufunsanso kuti magetsi akathima pakati pa nyimbo chimatani. Anati chimathima, nanga n'kutani. Kwathu magetsi ankabwera ngati mlendo, osapangana tsiku. Njovuyo ndinaisiya.

Ndinatenga laputopu yosweka pangodya, koma ya batire lamoyo ndiponso yosasokosera. Mwini loja anaumirira kuti ndiwonjezere memori kuti isamatsamwe mawu akachuluka, ndipo apo ananena zoona. Ndinatenganso maikolofoni imodzi, mahedifoni, ndi kabokosi kolumikizira maikolofoni ku kompyuta. Mapulogalamu anandiikira awiri. Ina inali yokongola, yodzaza ng'oma ndi malimba, yokhala ndi mizere yoyezera nthawi ndi kabelu kogogoda kuti oimba asaphonye. Inayo inali yaulere, yotuwa, yongokhala ndi batani lofiira. Iyi anaitchula monyoza kuti ndi ya ana a sukulu. Ine ndinakonda yokongolayo, nanga maso ali ndi nzeru?

Situdiyo yake inali chipinda changa chosungira nyemba. Ndinapachika mphasa ndi mabulangete m'makoma. Tinkajambula m'mawa, chifukwa dzuwa likakwera malata ankayamba kuthetheka. Anthu a kwaya anadzaza mpaka pakhomo, achemwali ali pafupi ndi maikolofoni, nsalu ili pakhosi.

Kabelu kogogoda kaja achemwali anakakana tsiku loyamba lomwe.

"Iwe, kanthu kakugogoda m'khutu mwangaka n'kachiyani? Ndikuimba kapena ndikukhoma misomali?"

Ndinakazimitsa. Anaimba, kwaya inavomera, ndipo zinalowa bwino. Koma nditatsala ndekha, ndinaona pagalasi la kompyuta chimene khutu langa linali litazolowera. Achemwali akamaliza mzere, pankakhala kampata kopanda mawu, kenako ovomera n'kulowa mochedwa, kutali ndi mzere wa pulogalamu. Paliponse zinali choncho. Ndinati anthu awa ndi aulesi, ndiwakonzera. Ndinadula timipata tonse n'kukokera ovomera pamzere. Inandidyera masiku ntchito imeneyo, ndipo ndinanyadira, chifukwa nyimbo inamveka ngati za pa wailesi.

Ndinawaitana achemwali n'kuwaveka mahedifoni. Sanafike n'komwe pakati. Anawavula n'kuwaika pa thumba la nyemba.

"Akumbuyo wawasiya kuti?"

"Alipo onse, achemwali. Ndangowafulumizitsa pang'ono."

"Unali mwana, unali pakati, sunadziwe. Mzere wa anthu unali wautali. Ine ndikaimba kutsogolo, mawu ankayenda kukafika kwa womaliza, ndiye iwo n'kubweza. Pamene wadulapo ndi pamene ndinkamvetsera ngati onse alipo."

Ndinapsa mtima, osati ndi iwo, koma ndi mizere ija. Ndinayesa kubwezera timipata, koma ndinali nditasunga zodulazo pamwamba pa zoyambirira, ndipo kampata koika ndi dzanja kankamveka kakufa. Munalibe mpweya wa anthu, munalibe kukwekwesa kwa mapazi. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana, ndipo tsiku la ku chipatala linali pafupi.

Ndinayenda pa njinga khomo ndi khomo kuitananso kwaya. Ena anali atayamba kukonza minda, ena anali ku migodi ya golide, ndipo anabwera akung'ung'udza. Ulendo uno ndinatsegula pulogalamu yotuwa ija. Achemwali anati m'chipinda sakufunamo. Tinatuluka panja, iwo anaima pafupi ndi maikolofoni, ena onse anandanda kumbuyo kwawo mpaka kukafika ku khola la mbuzi. Ndinadina batani lofiira n'kuchotsapo manja. Tambala wa aneba analowamo, njinga yamoto inalowamo. Sindinachotse chilichonse.

Opaleshoni inayenda bwino, chotupa chinachoka. Mawu olankhulira anabwerera, okwanira kukalipira adzukulu ndi kutsutsa ine. Oimbira sanabwerere. Kutchalitchi anasamuka kutsogolo n'kukakhala benchi la kumbuyo, ndipo nyimbo ija anaipatsa mtsikana wina wa mawu abwino, amene amathamanga nayo pang'ono.

Anthu akamandifunsa lero kuti agule kompyuta yanji poyamba situdiyo, ndimawauza kuti agule yosasokosera, ya batire, ndipo asanadule chilichonse asunge zoyambirira pena. Ambiri amafuna njovu, ndimangowasiya.

Panapita nthawi achemwali asanapemphe kumva chimene tinajambula. Tsiku lina masana anabwera pamsika, n'kukhala pa benchi la makasitomala pakati pa mawailesi akufa.

"Tayatsa ija," anatero.

Ndinaika pa sipika. Mawu awo akale anaponya mzere woyamba, okwera, oyera. Kenako panabwera kampata kaja. Ndinawaona akudikira, mutu uli pansi. Ovomera atalowa, iwonso analowa nawo, ndi mawu osasa aja, mochedwa ngati munthu womaliza pamzere.