Munthu wa m'Paipi ya ku Kande

Adzukulu akamakuwa mu mgolo wopanda madzi, ndimakumbukira paipi yonunkha matope yodutsa pansi pa msewu ku Kande, kumene bambo ankaphunzitsa. Ndikafuulamo mawu anga ankabwerera, ndipo ndinkati muli munthu wonditsanzira.

Tsiku lina ndisanafuule, munthuyo anayankhula yekha: "Mphunzitsi uja timutenge mawa."

Ndinathamangira kunyumba. "Amayi, munthu wa m'paipi akuti mawa atenga ababa!"

Amayi ananditseka pakamwa. Tsiku lomwelo bambo anathawira ku Usisya. M'mawa anyamata a chipani anabweradi, koma sanawapeze.

Ndinadziwa nditakula kuti paipiyo inali yopapatiza pakati, choncho mawu ena ankabwerera, ena n'kupyola. Anyamatawo ankapangana atakhala tsidya lina la msewu, ndipo mawu opyolawo ndi amene anapulumutsa bambo.