Achimwene Ankandifunsa za Adolofini

Ndinaganiza zochoka chaka chimene mtsinje wa Ruo unasefukira n'kukwirira munda wathu ndi mchenga. Madzi ataphwera ndinapita kukaona pamodzi ndi achimwene anga a Tomasi. Ndinakumba mpaka dzenje linandifika m'mawondo, koma dothi osalipeza. Kwathu kwa Mlolo munthu amadya za kumunda ndi za kudambo, ndipo chimodzi chikafa chinacho sichingasunge mabanja awiri. Ine ndinali ndi mkazi wanga Esinati ndi mwana mmodzi, Joakina. Achimwene anali ndi ana anayi. Bwato linali limodzi, lotisiyira ababa. Iwo ankaima kutsogolo kuponya chavi, ukonde wozungulira uja, ine n'kumapalasa kumbuyo, maso ali pa ng'ona ndi mvuu.

Munthu wina wa ku Marka, kumalire, anandiuza kuti kunyanja ya mchere, kupitirira Beira, eni maboti amafuna anthu odziwa madzi. Nditawauza achimwene, anapitiriza kusoka ukonde kwa nthawi ndithu.

"Ndiye wondipalasira akhala ndani?" anafunsa.

"Mupeza munthu, achimwene."

"Munthu ndimupeza. Pita, Luwisi. Tikakhala tonse pano tidya nyika mpaka liti?"

Ankanena timizu ta m'dambo tomwe timafukula pa njala. Sabata imeneyo Joakina anali atadya timeneto masiku anayi otsatizana. Ndinanyamuka Lolemba.

Ntchito ndinakaipeza ku Inyasoro, m'boti la injini la anthu asanu ndi mmodzi. Woyendetsa anali a Fenando, mdala wa ku Beira, ndipo ndi iwo okha amene ndinkamvana nawo chifukwa ankalankhula Chisena. Enawo chilankhulo chawo chinkangondidutsa. Ine wokulira m'bwato ndinasanza milungu itatu, anzanga n'kumaseka. Tikabwera kumtunda aliyense ankapita kwa mkazi wake, ine n'kupita kukachipinda kamalata komwe ndinkaphika ndekha, kudya ndekha, nthawi zina n'kudzipeza ndikulankhula ndi mphika. Miyezi ya nsomba ndinkatumiza ndalama kudzera kwa mayi wina wa geni yemwe ankawoloka malire kawirikawiri. Mwera ukalimba boti linkakhala pamchenga, ndipo masiku amenewo foni ikalira ndinkachita manyazi kuiyankha.

Adolofini ndinawaona koyamba mwezi wachiwiri. Msana wotuwa unatulukira pafupi ndi pamene ndinatsamira, n'kupuma mwamphamvu ngati ng'ombe. Ndinathawira pakati pa boti, chifukwa kwathu chinthu chachikulu chikavuuka m'madzi ndiye kuti chikufuna iweyo. A Fenando anandigwira paphewa.

"Khala pansi, mwana wa ku Shire. Kuno timati golofinyu, azungu amati dolofini. Si nsomba, amayamwitsa ana ngati mbuzi. Uziwayang'anitsitsa, chifukwa amadziwa kumene kuli chakudya kuposa ine."

Lamulungu lililonse masana ndinkaimbira kumudzi. Ndinkayamba ndi Esinati, kenako Joakina ankathamangitsira foni kwa achimwene. Chaka choyamba nkhani zawo zinali za kudambo basi: nsomba za mphende zachepa, namasupuni watseka njira, munthu amene anamupeza kuti aziwapalasira wapita kukadula nzimbe. Za adolofini ndinawauzako kamodzi, iwo n'kungoti, "Nanga amadyedwa?" Nditati ayi, nkhani inathera pomwepo.

M'chaka chachiwiri panapita milungu isanu osawamva mawu achimwene. Esinati ankati apita ku Makhanga kukagulitsa nsomba, sabata ina n'kuti ali ndi malungo. Atabweranso pafoni, mawu awo anali opepuka, ndipo chinthu choyamba kundifunsa chinali chakuti, "Zinyama zako zija zikadalipo? Tandiuza mmene zimasakira."

Ndinawauza. Adolofini sasaka aliyense payekha. Akapeza gulu la tinsomba amalizungulira, ena pansi ena m'mbali, mpaka tinsomba timaunjikana pamwamba madzi n'kumachita ngati akuwira. Kenako amalowamo mosinthana, wina akudya ena akutchinga. Mbalame zikaona zimenezo zimagwera pomwepo, ndipo ife tikaona mbalame tinkalunjika komweko. Madzi a m'nyanja akamakwera, ena amalowa m'ngalande za pakati pa mchenga n'kukankhira nsomba kosaya, komwe zilibe kothawira. Nsomba amaimeza yathunthu, kuyambira kumutu.

"Ndiye kuti otchingawo amadikira nthawi yawo?" anafunsa.

"Amadikira."

"Palibe wakuba pakati pawo?"

"Sindinamuone, achimwene."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsiku limenelo sabata iliyonse ankandipatsa funso loti ndikafufuze, ngati aphunzitsi. Amagona kuti? Ndinakafunsa a Fenando, iwo n'kundionetsa gulu lina dzuwa lili pamutu, likuyenda pang'onopang'ono moyandikana, kuvuuka pamodzi, kumira pamodzi. Anati kugona kwawo n'komweko, chifukwa akagoneratu amira. Mwana amasiyidwa ndi ndani mayi akamira kukasaka? Ndinaona ndekha kuti akazi amayenda pagulu lawo, mwana ali chapambali pa mayi wake, ndipo nthawi zina amatsala ndi ena pamwamba. Amuna ena amayenda awiriawiri kapena atatu, omwewo chaka ndi chaka. A Fenando ankawazindikira ndi zipsera za pa chipsepse cha pamsana. Analipo mmodzi wodukako nsonga amene anati anamudziwa asanamere imvi. Tikazimitsa injini n'kuika khutu pa thabwa la boti, tinkamva likhweru lawo ndi timawu tina ngati chitseko cha dzimbiri. Tsiku lina ndinayesa kugunditsa foni pa thabwalo kuti achimwene amve, koma anati akungomva mphepo.

Lero ndikakhala pakhonde pano n'kumakumbukira, ndimaona kuti mafunso onsewo ankachokera mbali imodzi. Ine ndikafunsa za kudambo ankangoti, "Ndi momwemo," n'kubwerera kwa adolofini. Ndinkaganiza kuti akundisangalatsa poti ndinali ndekha, ndipo zinkandithandizadi. Ndinayamba kudzuka ndi chifukwa china choposa ndalama. Ndinkayang'ana m'madzi kuti Lamulungu ndikakhale ndi chowauza.

Chaka chachinayi, m'mawa wina tikukoka ukonde womwe tinatchera kungalande, unabwera wolemera modabwitsa. Munali mwana wa dolofini, wautali ngati mkono wa munthu ndi theka, atazingwa kumchira. Anali atafa kale, chifukwa sanathe kufika pamwamba kudzapuma. Mbali imeneyo ya ukonde ndinatchera ndine. A Fenando anadula zingwe, tinamutsitsira m'madzi, ndipo mayi wake anatulukira pomwepo n'kumunyamula ndi mphuno. Ankamukankhira pamwamba, akamira amamutsatira n'kumukwezanso. Tinamupeza akuchita zomwezo mawa lake, ndi mkuja wake. Anzake awiri ankayenda naye chapatali pang'ono, gulu lonse litapita kukasaka. Tsiku lachinayi khungu la mwanayo linali litayamba kusupuka, mayiyo akadali naye. Lachisanu sitinawaonenso.

Lamulungu ndinawafotokozera achimwene zonsezi.

"Anzake awiri aja, ankadya?" anafunsa.

"Sindikudziwa."

"Ayenera kuti sankadya," anatero, ndipo anapereka foni kwa Joakina.

Sabata imeneyo ntchito inandikanika. Injini itafa, a Fenando anati ikatenga mwezi kuti ikonzedwe, ndipo ine ndinakwera galimoto ya ku Beira, ulendo wobwerera kwathu, osauza munthu kumudzi. Ndinkafuna kungowatulukira.

Ndinafika dzuwa likupendeka, kutentha kwa kwathu kuja koti ngakhale nkhuku zimayasama. Wakabaza ananditsitsa pa mjigo. Amayi amene ankatunga madzi anandilonjera bwino, koma palibe anandiyang'ana kumaso. Nyumba yanga inali ndi malata atsopano, monga Esinati ankanenera. Ndinadutsa osalowa, chifukwa pansi pa mtengo wa nimu ndinaona bwato lathu litavundikiridwa, litang'ambika ndi dzuwa, nkhuku zikuikira mazira pansi pake.

Achimwene anali pamphasa kuseri kwa nyumba yawo, akusoka ukonde wa munthu wina. Pambali pawo panali ndodo ziwiri za kuchipatala. Mwendo wawo wamanzere unathera pa bondo, buluku atalipinda n'kulimanga ndi chingwe. Anandiyang'ana, singano ili m'manja.

"Ukanaimba, Luwisi."

Ndinakhala pansi, pafumbi pomwepo. Anandiuza okha, mosathamanga. Wowapalasira atapita kunzimbe, wachiwiri anakhala mwezi umodzi n'kuchokanso, ndiye anayamba kupita okha. Tsiku lina chavi chinakodwa pa chitsa, iwo n'kutsikira m'madzi ofika m'chiuno kuti achimasule, kumbuyo kulibe woyang'ana. Ng'ona inawagwira. Anakakamira chitsa chomwecho mpaka asodzi ena anafika ndi nkhafi. Inali milungu isanu ija.

"Zaka ziwiri," ndinatero. "Mudzi wonse ukudziwa, ine ndekha ayi."

"Tinakhala pansi n'kugwirizana. Ine, alamu ako, mkazi wako, ngakhale abusa. Ndinayambitsa ndine, usakwiyire munthu."

"Ndikanabwera."

"N'chifukwa chake. Ukanabwera n'kutenga bwato, n'kumapita wekha ngati ine. Zimene unkatumiza zinkadyetsa nyumba ziwiri. Esinati ankagawa pakati, sanakuuze. Ukanabwera tikanadya chiyani?"

Alamu anandibweretsera madzi m'kapu, atagwada, maso ali pansi. Joakina, yemwe ndinamusiya akuyamba sukulu, anaima patali atagwira mkono wa mayi ake. Mwana ameneyo kwa zaka ziwiri ankanyamula foni kupita nayo pamphasa paja, akudziwa choyenera kubisa.

Tsopano ndatha masiku khumi ndili kumudzi. Anthu amabwera kudzandiona, amayamikira malata, kenako amafunsa ngati kunyanja kungapezeke malo a mwana wawo kapena mkamwini wawo. Munda ukadali mchenga, mwamera minga. Ndinayesa kunena kuti bwato lija tikhoza kulimata, ine n'kupeza mnzanga wopalasa, koma achimwene anangoyamba kukamba za mtengo wa ulusi. Sindinawaonepo akudandaula. Amasoka maukonde a anthu, madzulo ana awo amawathandiza kulowa m'nyumba, ndipo zonse zinapeza kale malo ake popanda ine. Chimene mudzi uno umafuna kwa ine chili kutsidya la malire.

Dzulo m'mawa ndinamufunsa Esinati ngati akufuna kuti ndikhale. Anali akusesa, ndipo anaima atagwira tsache.

"Ndikufuna, bambo a Joakina," anatero. "Koma injini ija anati ikonzedwa liti?"

Nditazungulira kuseri kwa nyumba ndinapeza chikwama changa chapaulendo chili pachingwe. Anali atachichapa kale kuti chiume msanga.