Kabokosi Kanga Pamaso pa Ankhoswe

Maganizo opita ku Joni anandifikira pa siteji ya kabaza pa Lirangwe, tsiku limene ndinakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka nditangonyamula thumba limodzi la makala. Njinga zamoto zinali zitabwera, ndipo ife a njinga zakapalasa tinangosanduka oonerera. Ngakhale amayi ena amene ndinkawatengera kuchipatala mwezi ndi mwezi anayamba kundipatsa moni ali pa njinga yamoto, fumbi n'kundisiyira. Nditafika kunyumba ndinauza mkazi wanga Felista kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

"Ng'ona yake ndinu?" anatero akuseka. Kenako anati, "Pitani, bambo a Chisomo. Koma musakatchone."

Ine kwathu n'ku Chileka, kwa Kuntaja. Ku Lirangwe ndinapita chikamwini, ndipo nyumba yathu inali pa malo a kuchikazi, pakati pa nyumba ya apongozi ndi ya mlamu wanga Jailosi. Ndinagulitsa njinga, achimwene anga a Byson, amene amalondera ku bwalo la ndege, anawonjezerapo pang'ono, ndipo ndinakwera basi yodzera ku Mwanza. Mwana wathu Chisomo anali akuphunzira kumene kuyenda.

Ntchito ndinaipeza pa shopu yowotcherera mageti ndi zitsulo za m'mawindo. Yanga inali galainda, makina odulira chitsulo ndi kusalaza pamene anzanga awotcherera, tsiku lonse osapuma. Ndalama zinkabwera, sindinganame. Mwezi ukatha ndinkatumiza, Felista n'kunditumizira zithunzi: malata pa denga, kenako chitseko chatsopano, kenako Chisomo atavala yunifolomu yomufika m'mapazi. Zithunzizo ndinkaziyang'ana ndili m'kachipinda kanga kuseri kwa nyumba ya munthu, ndikudya buledi wouma. Kusungulumwa kwa kumeneko n'kwachilendo. Anthu ali mbwee mumsewu, koma ukhoza kutha sabata osamva wina akutchula dzina lako.

Chaka chachiwiri makutu anayamba. Poyamba ndikaweruka ankalira pang'ono n'kusiya. Kenako sanasiyenso. M'mutu munkalira ngati nyenje za mu Okutobala, ndipo pamalo pakati zii m'pamene zinkakuwa kwambiri. Kuchipatala anandiuza kuti phokoso la galainda laononga makutu, mankhwala ake palibe, ndingozolowera. Ndinachita mantha zedi, ndinkaganiza kuti misala imayamba chonchi. Koma Felista sindinamuuze. Wa ku Joni amatumiza ndalama ndi nkhani zabwino, zoipa amasunga yekha poopa kudwalitsa anthu kumudzi ndi maganizo. Pa foni mawu ake ankandivuta kumva, ndiye ndinayamba kumangolemba.

"Bwanji masiku ano simukuimba?" anandifunsa tsiku lina.

"Netiweki ya kuno ndi yovuta," ndinayankha.

Amene anandithandiza ndi a Tendai, bambo wa ku Zimbabwe wa chipinda choyandikana ndi changa, wokonza mawailesi ndi zoimbira. Lamulungu lina masana anandipeza pakhomo nditatseka makutu ndi manja. Sanafunse zambiri. Analowa kwawo n'kutuluka ndi kabokosi kakuda, kukula kwake ngati sopo wochapira. Pamwamba pake panali timabatani titatu topotokola, ndi kachingwe kothera ku kachitsulo kozungulira ngati ndalama. Kachitsuloko anakamata pa kapu yanga ya tiyi, n'kundiveka mahedifoni, n'kugogoda kapuyo ndi sipuni kamodzi kokha.

Kulira kwa kapu sikunathe. Kunalowa m'kabokosi n'kutambasuka, kumvekera pansipansi ngati belu la tchalitchi la kutsidya kwa mtsinje, kenako n'kumazilala pang'onopang'ono. A Tendai anandionetsa kuti batani lina limatalikitsa kulirako, lina limakukweza kapena kukutsitsa, lachitatu limasakaniza ndi zimene wagogoda kale. Nyimbo yake ilibe mawu, ilibe ng'oma, sungavine ngakhale utaledzera chotani. Koma nditavula mahedifoni ndinazindikira kuti nthawi yonseyo nyenje zanga sizinandivute. Sizinachoke ayi, zinangopeza anzawo n'kulowa nawo m'nyimbo. Kabokosiko ndinakagula mwezi womwewo, ndipo pa zonse zimene ndinagula ku Joni ndi kokhako kamene ndinagulira ine mwini.

Ndinaphunzira kumata kachitsuloko paliponse. Ndinkatola zidutswa za mapaipi ku shopu, ndinayesa chipeso, ndinayesa denga mvula ikugwa. Chinthu chilichonse chili ndi kulira kwake, kungoti sitikhala ndi nthawi yomvetsera. Ndikaweruka ndinkakhala nako kanthawi, mtima n'kukhala pansi, mawa n'kudzukanso kupita ku galainda.

Shopu itatsekedwa ndinabwerera. Ndinatsika pa Lirangwe ndi katundu woti anthu asandiseke: mabulangete, sola, wailesi, mapoto, ndi jekete la apongozi aamuna. Anandilandira ndi nthungululu, ndipo Chisomo, amene tsopano anali wa sukulu, anandigwira dzanja mwamanyazi ngati mlendo. Ndinasangalala, koma chisangalalocho sichinakhalitse. Anthu akamalankhula ambiri nthawi imodzi, monga timachitira kwathu kuno, mawu ankangosakanikirana, ine n'kumangogwedeza mutu ngati gulo. Anthu akapita kudimba mudzi umati zii, nyenje n'kuyamba ntchito yake. Ndiye ndinkatenga kabokosi n'kukakhala kuseri kwa nyumba. Ndinayesa khasu, ndowa, waya woyanikapo zovala. Ndikuuzeni, Lirangwe ali ndi nyimbo. Tsiku lina ndinamata kachitsulo pa chitseko sitima ikudutsa chapatali, ndipo ndinamva kulira kumene ku Joni sindinakumvepo.

Sindinaganizire mmene ndinkaonekera. Taganizani nanunso: munthu wochokera ku Joni, amene kale pakamwa pake sipankatsekeka, tsopano salankhula ndi anthu, amamata ndalama pa chitseko cha nyumba, n'kutsinzina, n'kumamwetulira yekha. Jailosi anandiona, ndipo chimene Jailosi waona mudzi wonse waona. Inamveka kuti ndinakhwimira ku Joni, ndipo m'kabokosimo muli chinthu chimene chimandiuza zochita. Mbuzi ya apongozi itafa, ana anayamba kudzera patali akandiona. Kenako Felista anatenga Chisomo n'kusamukira kwa amayi ake. Tsiku lotsatira uthenga unandipeza: Loweruka ankhoswe akubwera.

Mkamwini aliyense amadziwa tanthauzo la uthenga wotere. Malata ndinagula ndine, koma dothi limene nyumba inakhalapo si langa. Akati ukwati watha, ndinyamula chikwama kubwerera kwa Kuntaja, mwana n'kutsala. Za nyumbazo sizinandipweteke kwenikweni. Chinandipweteka n'chakuti ndinapirira zaka zonse zija kuti ndidzakhale ndi anthu awiriwa, ndipo ndinali kuwataya ndili nawo pabwalo limodzi. Ndinaganiza zokaponya kabokosi m'chimbudzi. Koma ndinaona kuti anena kuti ndabisa umboni, komanso, kunena zoona, ndinaopa kutsala ndekha ndi nyenje zija.

Loweruka m'mawa tinakhala pakhonde. Kuchikazi kunabwera atsibweni ake a Felista, a Saulosi, pa njinga yawo yakalekale. Kumbali yanga kunali achimwene a Byson, atangoweruka kumene, maso ali psuu. Felista anayala mkeka chakumanzere kwanga n'kukhala atazolika. Jailosi sanaitanidwe, koma analipo, ndiponso ndi amene anayamba.

"Atsibweni, ife pano sitikugona tulo. Alamuwa abwera ndi chinthu. Akachitulutse tichione."

"Iwe khala chete, nkhani si yako," anatero a Saulosi. Kenako anatembenukira kwa ine. "Koma bambo, chinthucho chilipodi?"

"Chilipo."

"Katengeni."

Nditabwera nako, Jailosi anasunthira mpando kumbuyo. Ndinalumikiza kabokosi ku wailesi kuti aliyense amve, n'kupempha kuti wina andibwereke chinthu chake, chifukwa ndikatenga changa anena kuti ndinachikonzeratu. Anthu anangoyang'anizana. A Saulosi anadzuka n'kukankha njinga yawo mpaka pakhonde.

"Ikani apa. Njinga imeneyi yaona zambiri, singaope za ku Joni."

Ndinamata kachitsulo pa felemu n'kuwapempha kuti akoke sipoko imodzi ndi chala, n'kuisiya. Anakoka. Wailesi inatenga kaphokoso kameneko n'kukatambasula pabwalo ponse, pansipansi, kosatha msanga. Anakoka ina, kulira kwake n'kukwera pamwamba pa koyamba kuja. Apongozi aakazi anatuluka kukhitchini mpeni uli m'manja, n'kuima pakhomo. A Saulosi anakoka yachitatu, anamvetsera mpaka zonse zinazilala, kenako anafunsa:

"Ndiye nyimboyo iyamba nthawi yanji?"

"Ndi yomweyo, atsibweni. Yatha."

A Byson anaseka mpaka kutsokomola. "Aise, anzako amabwera ndi masipika a pa ukwati, iwe wabwera ndi nyimbo ya masipoko?"

Ngakhale Jailosi anaseka, monyinyirika, n'kunena kuti iye amangofuna kutsimikiza basi. Thupi langa linapepuka, ndinkayesa nkhani yatha. Koma a Saulosi anadikira kuti phwete lithe.

"Ufiti palibe, taona tonse. Koma munthu wamkulu, wapabanja, kumasiya anthu n'kumakamvera ndowa kuseri kwa nyumba, chifukwa chake n'chiyani?"

Apo ndinanena zonse: galainda, nyenje, zimene anandiuza kuchipatala, ndi kuti anthu akamalankhulira pamodzi ine ndimangoona milomo ikuyenda. Ndinati kabokosika ndi kokhako kamene kamandipumitsa. Ndinachita manyazi kunena zimenezi pamaso pa apongozi, pakuti ndinafuna kubwera ngati bambo wopambana, osati munthu woti azimukuwira.

Felista anadzutsa mutu.

"Atsibweni, ine za kukhwimazo sindinazikhulupirirepo. Munthu wokhwima angabwere ndi nsapato zong'ambika chonchija? Ine ndimati m'mahedifonimo akumvera mawu a mkazi amene anamusiya ku Joni. Kuimba foni anasiya kalekale. Abwera, ndikawaitana satembenuka, ndikawauza nkhani amangoti ee, ee. Ndinati basi ndinawatopetsa." Anayang'ana a Saulosi. "Sindinakuitaneni kuti ukwati uthe. Ndinakuitanani kuti munthuyu ayankhule."

Mtima wanga unakhala pansi ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Ku Joni ndinatha zaka ndili chete, palibe anandifunsa. Bola lendi walipira, kukhala chete kwako n'kwako. Khalidwe limenelo ndinabwera nalo m'chikwama osadziwa, n'kumaliyesa kupirira. Kuno ukangokhala chete masabata angapo, amakunena, amakuthawa, amaitanitsa anthu kuchokera ku Chileka, mpaka utanena chimene chikukudya. Zimawawa, koma sakusiya wekha. Tsiku limenelo ndinathokoza ngakhale pakamwa pa Jailosi.

A Saulosi anagamula kuti mlandu palibe, kabokosi kazilira pa wailesi, pakhonde, pamene aliyense akumva, ndipo mahedifoni asungidwe m'chikwama. Mpaka lero timachita chomwecho. Dzuwa likapendeka ndimamata kachitsulo pa ndowa kapena pa waya, apongozi n'kubwera ndi chimanga chawo chotongola. Amati nyimbo yakeyi ndi yaulesi, koma sachoka. Nyenje zikadalipo, sizinapite kulikonse, kungoti tsopano aliyense pakhomo pano amazidziwa.

Koma Loweruka lija, anthu asanabalalike, Felista anandifunsa, mokweza mawu pang'ono:

"Ndiye makutu onse awiri ndi chimodzimodzi?"

"Lakumanzere linatheratu. Lakumanjali limamvako."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana pamene anakhala. Kenako anadzuka, anakoka mkeka wake pamaso pa ankhoswe onse, anazungulira kumbuyo kwanga n'kukauyala kumanja.

"Chabwino," anatero akukhala pansi. "Ndiyambirenso poyamba, chifukwa zonse zimene ndakhala ndikukuuzani chibwerereni zimalowa khutu lakufa."