Adiresi yakale ya sukulu inadya malo a mdzukulu wanga

Inu owerenga, ndikulemba izi mtima usanazizire, ndipo kunena zoona sindikufuna kuti uzizire.

Ine ndine mayi wosakhulupirira munthu, ndipo kwathu kuno kumapiri a Lobi aliyense amadziwa zimenezo. Ndikagula thumba la feteleza ndimapisa mkono mpaka pansi kuti ndione ngati sanathiremo mchenga. Nyemba zanga ndimayeza pa sikelo yanga, osati ya mavenda. Nambala yachilendo ikaimba pafoni panga ndimangoiyang'ana mpaka itatopa yokha. Ndinaphunzitsa ku pulayimale mpaka kupuma, choncho mabodza a ana ndi a makolo awo ndinawamva onse. Komabe chaka chatha ndinapusitsidwa masanasana, ndipo chingwe chimene anandikolera nacho chinali kusakhulupirira kwangako. Amene analipira si ine. Ndi mdzukulu wanga Sesiliya.

Sesiliya ndi mwana wa mwana wanga wamkazi amene anatisiya iye akadali wa kumsana. Ndamulera ndekha. Kuseri kwa mapiri athuwa kuli sekondale ya atsikana yogonera komweko, ya asisteri. Dzina sinditchula, chifukwa iwo sanandilakwire. Kuti mwana alowe kumeneko amalemba mayeso awoawo, ndipo malo ndi ochepa monga mmene alili mabedi. Mwana wangayu anawerenga miyezi yachisanu ija, zala zitauma, atafunda bulangete la malemu agogo ake aamuna. Mayina atatuluka, lake linalipo. Pansi pake panali mayina ena a odikirira, oti angalowe ngati wina walephera kubwera. Woyamba pa odikirirawo anali Lusiya, mwana wa a Bonifasi.

A Bonifasi amenewa ndinawaphunzitsa ine Sitandade 3, mamina ndikuwapukuta ndi manja angawa. Atakula anagwirako ukalaliki pasukulu ya asisteri yomweyo, kenaka anachoka mwakachetechete n'kutsegula kashopu patauni yathu yaing'ono, kojambula mapepala ndi kutchaja mafoni. Kutchalitchi anali mlembi wathu, wowerenga zolengeza ikatha Misa. Anali ndi kamawu kawo komalizira kamene ana onse ankakayeserera: "Wamva wamva, wosamva afunse mnzake."

Lamulungu lina anawerenga kalata yochokera kwa asisteri. Inati akuluakulu a zamaphunziro akonza zoti sukulu zikhale ndi mayina a pa intaneti a mtundu umodzi, ndiye sukuluyo yalandira adiresi yatsopano. Kwa amene simudziwa, monga mmene ndinalili ine, adiresi ya pa intaneti imakhala ndi dzina kutsogolo ndi kamchira ka malemba ochepa kumapeto. Michira ina aliyense atha kugula, ngakhale wakuba. Koma mchira watsopanowu amaupereka kwa sukulu zenizeni zokha, atazifufuza, monga mmene timadulira khutu la mbuzi kuti aliyense adziwe khola lake. Zonsezi ndazidziwa mochedwa. Tsikulo a Bonifasi anawerenga mothamanga, mawu ali m'mphuno, ndipo ine ndinangogwira mawu awiri: adiresi yatsopano. Mumtima ndinati, zatsopano ndiye khomo la akuba.

Pasanapite nthawi pafoni panga panabwera uthenga wonena tsiku loti a Fomu 1 akafike, ndi adiresi yatsopanoyo. Inu mukudziwa mauthenga amene amatisowetsa mtendere masiku ano, ena akuti mwawina, ena akuti ndine m'bale wanu ndili pamavuto. Ndinamuuza Sesiliya kuti afufute. Anakayika, ndinamukalipira, anafufuta. Nambala yosadziwika inaimba kangapo sabata imeneyo. Ndinaiyang'ana ikulira patebulo, ndikudziyamikira kuti ine sangandipeze.

Pakhoma panga pali kalendala yakale ya sukuluyo, imene ndinasunga chifukwa cha chithunzi cha Amayi Maria. Pansi pake panalembedwa adiresi yakale. Imeneyo ndinaikhulupirira, chifukwa inakhala m'nyumba mwanga zaka, ndikuiona m'mawa uliwonse. Ndinailemba pakapepala n'kupita nayo kwa a Bonifasi kuti anditsegulire.

"Aphunzitsi, inu ndiye muli ndi maso," anatero akundipatsa mpando. "Zatsopanozi akuba alowererapo kale. Gwirani yakaleyi, musaitaye. Koma lero netiweki yavuta, mubwere mawa."

Mawa lakelo tsamba la pa intaneti la adiresiyo linatseguka bwinobwino. Chizindikiro cha sukulu chinalipo, chithunzi cha geti chinalipo. Pakati panali chidziwitso choti mphepo yasasula denga la nyumba yogona ana, choncho a Fomu 1 adikire kunyumba mpaka atauzidwa, ndipo wobwera msanga adzabwezedwa. Poti ndine wosakhulupirira munthu, sindinakhutire ndi makina a a Bonifasi. Nditafika kunyumba ndinakwera pachulu pamene timapezera netiweki, ndipo Sesiliya anatsegula adiresi yomweyo pafoni panga. Mawu anali omwewo. Ndinati ndatsimikiza kawiri, osadziwa kuti ndatunga kawiri pachitsime chimodzi.

Pali chinthu chimene chimanditentha mpaka lero. Kumapeto kwa chidziwitsocho kunalembedwa kuti, "Wamva wamva, wosamva afunse mnzake." Sesiliya atawerenga anaseka, ine ndinasekanso. Ndinati a Bonifasi anawasiyira chizolowezi asisteri nthawi imene ankagwira ntchito kumeneko. Munthuyo anasaina bodza lake pamaso panga, ine n'kumaseka.

Tinadikira. Sutikesi inali pakona, chidebe chatsopano pamwamba pake, sopo ndi mafuta zili m'kati. Tsiku lina Sesiliya anati, "Agogo, bwanji tingopita tikaone dengalo ndi maso?" Ndinamuyankha kuti ine sinditaya ndalama ya kabaza pokaona malata. Lusiya anasowa m'kwaya, ndipo nditafunsa mayi ake anati wapita kukacheza kwa azakhali ake ku Dedza. Anayankha akuyang'ana pansi. Ndinaona, koma sindinawerenge.

Chinanditsegula maso ndi mayi wina wogulitsa kachewere pamsika, amene anadandaula kuti mphwake wa Fomu 1 pasukulu yomweyo watumiza kale uthenga woti shuga wamuthera. M'mawa mwake tinakwera njinga yamoto, ine, mwana ndi sutikesi, nkhungu ili tolo m'mapirimo. Titatulukira pamtunda ndinayang'ana nyumba yogona ana. Denga linali pomwepo, malata akale adzimbiri, opanda ngakhale msomali umodzi watsopano. Kuseri kwa mpanda atsikana ankasesa, ndipo mmodzi anaimirira, tsache lili m'manja, yunifolomu ikadali ndi mizere ya m'sitolo. Anali Lusiya.

Asisteri aakulu anatilandira mwaulemu. Anati anatumiza uthenga, anaimba foni mobwerezabwereza, ndipo nthawi yodikira itatha anaitana woyamba pa odikirira monga mwa lamulo lawo. Nditawaonetsa adiresi yanga anagwira pakamwa.

"Amayi, imeneyi si yathunso. Anatitsegulira ndi kalaliki wathu wakale, m'dzina lake, ndipo pochoka anakana kutisiyira mawu achinsinsi olowera. N'chifukwa chake tinasangalala kulandira yatsopano. M'kalata ya kutchalitchi tinalemba momveka kuti yakale musaigwiritsenso ntchito."

Mzere umenewo, inu owerenga, sunawerengedwe m'tchalitchi mwathu. Sukulu inasamuka, nyumba yakale inatsala bwinja, ndipo m'bwinjamo munatsala munthu ndi makiyi. A Bonifasi ankangofuna mwana mmodzi yekha woti asafike, kuti Lusiya wawo alowe. Anayang'ana mayina onse aja n'kusankha khomo limene ankalidziwa bwino: la gogo wosayankha foni, wodana ndi zatsopano, wa kalendala yakale pakhoma. Tsamba lonse lija, ndi denga lake losasuka, analembera ine ndekha.

Ndinapempha, ine amene sindinagwadirepo munthu. Asisteri anati mabedi adzaza, ndipo sangachotse mwana amene sanalakwe chifukwa cha zochita za bambo ake. Anangolonjeza kuti bedi likadzatseguka mu Fomu 2, Sesiliya adzakhala woyamba kuitanidwa. Tinabwerera ndi sutikesi yathu. Mwanayo sanalire, ndipo ndikanakonda akanalira. Pofika madzulo tsamba lija linali litafufutidwa, ngati munthu wasesa mapazi ake.

Sindinapite kushopu kwa a Bonifasi kukakuwa. Ndikanatero akanandipatsa mpando n'kundiuza kuti nawonso adabwa. Ndinadikira Lamulungu. Ndinavala chitenje cha bungwe la amayi, ndinakhala kutsogolo, ndipo iwo atamaliza zolengeza ndi kamawu kawo kaja ndinaimirira. Ndinati pali cholengeza chimodzi chimene mlembi wathu anaiwala. Bambo mfumu anayesa kukweza dzanja, koma theka la anthu m'tchalitchimo linadutsa m'kalasi mwanga, ndipo ndikaimirira amadziwa kukhala chete.

Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, monga phunziro. Ndinawerenga mzere umene unadumphidwa, pakuti asisteri anandipatsa kalata ina yofanana ndi ija. Ndinatchula adiresi yakale lemba ndi lemba. Kenaka ndinatembenuka n'kusiya ulemu wonse umene ndinkamupatsa chikulire.

"Iwe Bonifasi, ndinakuphunzitsa kulemba ine. Uwauze anthuwa, denga limene unasasula lija unaliika kuti?"

Mkazi wake anafunda chitenje kumutu n'kutuluka. Ine ndinayang'ana mpingo wonse n'kumaliza kuti, "Wamva wamva, wosamva afunse mnzake." Palibe anaseka.

Ulembi anamuchotsa mwezi womwewo. Asisteri anakadandaula kwa oyang'anira mayina a pa intaneti, ndipo ndamva kuti adiresi yakaleyo inatsekedwa. Koma ine sindinathere pamenepo. Nyemba zanga ndinkagulitsira pakhomo. Tsopano tsiku la msika ndimayala thumba langa moyang'anizana ndi shopu yake. Sindilankhula naye. Munthu akalunjika kumeneko ndi foni kapena mapepala, ndimangomupatsa moni mokweza, n'kumufunsa ngati kwawo denga lili bwino. Ambiri amabwerera. Iye amakhala m'katimo yekha, akuthamangitsa ntchentche pamakina ake, ndipo akadzutsa mutu amapeza maso anga. Anatuma akuluakulu a mphakati wathu wa kutchalitchi kudzapepesa. Ndinawafunsa ngati abweretsa bedi. Atati ayi, ndinawaperekeza mpaka pamsewu.

Bambo mfumu andiuza kuti ndikhululuke. Ndawayankha kuti sindinganame mu kulapa, ndiye chichitikireni izi anzanga akamapita kukalandira Ukaristiya ine ndimatsala pabenchi. Zimandiwawa, koma ndimatsala.

Sesiliya akuphunzira sekondale yoyendera. Amadzuka kusanache bwino, kutsika chigwa, kuwoloka mtsinje, kukwera phiri lina, ndipo nyengo ya mvula amafika makope atanyowa. Sutikesi ija sanaimasule. Tsiku lina ndikumufotokozera mokondwa mmene shopu ya Bonifasi yaumira, anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati chapansipansi, "Agogo, koma uthenga uja sanafufutitse ndi a Bonifasi." Ndinafuna kumukalipira.

N'chifukwa chake ndalemba, inu owerenga, makamaka agogo anzanga amene mukulera ana a ana anu. Kukana chilichonse chatsopano si kuchenjera ayi, ndipo munthu wokudziwani bwino amapanga msampha wolingana ndi khosi lanu. Sukulu ikasintha adiresi, pitani nokha pageti, mukafunse aphunzitsi aakulu akulembereni ndi dzanja lawo, ndipo muyang'anitsitse mchira wake ngati uli uja wa sukulu zokhazokha. Chizindikiro ndi chithunzi cha geti aliyense atha kumata. Musafunse njira kwa munthu amene mwana wake ali kumbuyo kwa wanu pamzere, ngakhale munamupukuta mamina. Foni ikaimba, yankhani, mumve, kenaka mukane ngati n'zokana. Ndipo mwana akakuuzani kuti tiyeni tikaone denga ndi maso, nyamukani. Inunso a sukulu, posamuka musamasiye nyumba yakale ili chiimire ndi makiyi m'thumba la munthu wina. Igwetseni, ndipo mulengeze ndi pakamwa panu, osati potuma.

Kalendala ija ikadali pakhoma. Adiresi ndinaidula ndi lumo, Amayi Maria ndinawasiya, ngakhale masiku ano ndimapemphera osawayang'ana kumaso. Patchuthi Lusiya anadutsa pakhomo panga, ananjuta mwaulemu n'kundipatsa moni. Ndi mwana wabwino, ndikudziwa, ndipo ndinamuyankha. Koma asisteri anati bedi likadzatseguka adzaimba, ndiye foni yanga tsopano imagona pamtsamiro, ndipo nambala iliyonse ndimayankha isanalire kawiri. Ndikudikira bedi limodzi litseguke. Mulungu andichitire chifundo, chifukwa ndikudziwa bwino lomwe bedi limene ndikufuna.